Mchenga wa M'mipata

Apongozi anga aakazi anagwira ntchito yosesa ndi kukolopa mu ofesi imodzi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Inali nyumba ya nsanjika zitatu, pansi ponse matailosi oyera, ndipo kapitawo wawo woyamba anali ndi chizolowezi chogwada m'mawa uliwonse n'kuyendetsa chala m'mipata ya matailosiwo. Pamwamba sankayang'anapo n'komwe. Chala chikatuluka chakuda, tsiku limenelo unkayambiranso kuchokera pakhomo. Apongozi anaphunzira msanga. Ankayenda ndi mswachi wakale m'thumba la yunifolomu, pamodzi ndi kampeni kothyoka nsonga. Kapitawo uja anamwalira, ena atatu anabwera n'kupita, koma iwo anapitirizabe kutokosa m'mipata ngakhale panalibenso woyendetsamo chala.

Ine nditakwatiwa m'banjamo ndinapeza zimenezi zitakhazikika kale. Ndine telala, ndimasokera pakhomo, ndipo pansi panga sipatha ulusi ndi tizidutswa ta nsalu. Sindichita nazo manyazi, ntchito yake ndi yotero. Koma apongozi akabwera kudzacheza, moni asanathe maso ankakhala ali kale pansi. Sankanena kanthu, ndipo kusanenako n'kumene kunkandiwawa. Unkangopeza mbale zimene watsuka wekha zatsukidwanso. Ulendo wina anakhala kwathu sabata imodzi, ndipo atapita ndinasowa singano zanga mwezi wathunthu, chifukwa anazisanja bwinobwino pamalo poti munthu wosoka sangaganizeko. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tinkapatsana ulemu wonse, aliyense akuthokoza chamumtima kuti mnzake ali ndi khomo lake.

Apongozi aamuna atamwalira, amayi, poti ndi mmene ndimawaitanira, anatsala okha m'nyumba ya zipinda zitatu imene anamanga ndi malemuwo. Anali atapuma kale pantchito. Pamaliro sanalire kwambiri, moti anthu ena ananong'onezana. M'mawa mwake alendo asanadzuke anali atasesa kale kuseri konse, n'kuyambiranso. Kuseriko kunali mpopi, chingwe choyanikira zovala, ndi mtengo wa mapeyala umene unkagwetsa masamba chaka chonse ngati walembedwa ganyu. Bwalo lake linali la dothi, ndipo chifukwa chosesedwa zaka zambiri linali litatsika mpaka mizu ya mtengo kumaonekera pamtunda. Mvula ikagwa madzi ankadikha pamenepo. Tsiku lina amayi anaterereka atanyamula beseni la zovala, ndipo anakhala m'matope mpaka mayi woyandikana nawo nyumba atawamva.

Amuna anga ndi mwana yekhayo amene amayi anatsala naye. Ndi munthu wabwino, kungoti amakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi mmisiri wake, iwe yako n'kumupeza ndi kumuimbira foni. Anapeza woyala njerwa za simenti pabwalo. Anali bambo wamfupi wa imvi za apo ndi apo, pensulo kukhutu, m'mawondo atamanga zidutswa za tayala. Sankalankhula zambiri. Anakumba kuseri konse, anathira timiyala n'kutitsendera, anathira mchenga n'kuusalaza ndi thabwa, kenako anakoka chingwe n'kuyamba kuyala njerwa imodziimodzi, akuigogoda ndi nyundo ya labala n'kuikapo levulo yoonera ngati yalingana ndi zinzake. Amayi ankamuonerera ali pakhomo la khitchini. Anamukonda, chifukwa munthu wogwira ntchito atagwada iwo ankamupatsa ulemu.

Tsiku lomaliza anakhuthula mchenga wosalala, wouma, pamwamba pa njerwazo, n'kuusesera m'mipata mpaka yonse itadzaza, wina n'kutsala pamwamba. Ndinalipo. Ndinamumva akuuza amuna anga kuti mchengawo usiyidwe uzilowa wokha, ndiponso kuti iye aziyang'anira bwalolo chaka chonse. Amuna anga anagwedeza mutu, diso lili pafoni. Ine maganizo anali pa diresi la ukwati la kasitomala limene linkandidikira kunyumba. Mwini nyumba anali mkati akukonzera mmisiri tiyi, ndipo palibe anaganiza zowabwerezera mawuwo.

Madzulo ake amayi anaima pabwalo latsopanolo n'kunena kuti, "Ntchito ndi yabwino, koma bambo aja sadziwa kumaliza. Onani mmene asiyira." Tinaseka, poti tinkawadziwa, n'kukwera galimoto.

Patatha masabata atatu njerwa zinayamba kugwedera. Ukaponda ina inkapendekeka pang'ono n'kulira ngati chivindikiro cha poto. Mmisiri anabwera, anayang'ana m'mipata n'kunena kuti ndi nyerere. Anathira mankhwala, anathiranso mchenga. Mwezi usanathe zinayambiranso. Ulendo uno anati ndi madzi ochapira zovala amene akukokolola, ndipo anakumba kangalande kuchokera pampopi mpaka kumpanda. Ulendo wachitatu sananene kuti ndi chiyani. Anagwada nthawi yaitali akupisa kawaya m'mipata, anathira mchenga, anamwa tiyi wa amayi n'kumapita.

Kenako amayi anagwa kachiwiri. Njerwa ina pafupi ndi chingwe cha zovala inatukula mutu, iwo anakhumudwapo n'kutsamira dzanja lamanja. Linathyoka pamfundo. Tili pabenchi kuchipatala, chikhakha chisanaume n'komwe, amuna anga ananena zimene anali ataganiza m'njira.

"Amayi, aka n'kachiwiri. Mukagwanso, kapena bwalo lija likapanda kukonzeka, mukubwera kwathu. Sitikambirananso."

Amayi anayang'ana ine, ine ndinayang'ana iwo. Kwathu chipinda chotsala n'chimodzi chokha, ndipo ndimo muli makina anga, tebulo lodulira ndi nsalu za anthu. Iwo sankafuna kusiya nyumba yawo, ine sindinkafuna kuti aisiye, ndipo ndikuganiza kuti pa zaka zonse zija aka kanali koyamba kuti tifune chinthu chimodzi. Namwino atabwera ndi mapiritsi tinanyamuka.

Loweruka lotsatira amuna anga anaitanitsa mmisiri uja. Anaima pakati pa bwalo, aliyense ataponda njerwa yake yogwedera. Ine ndinakhala pa sitepe ya khitchini. Ndinalibe mbali. Chaka chimenecho ndinali ndi kutopa kuja kosatha ndi tulo, ndipo ndinkangofuna kuti wina apezeke wolakwa tizipita.

"Bambo, ntchito yanu mwaiona nokha," anatero amuna anga. "Mayi anga athyoka dzanja. Munati muziyang'anira chaka chonse. Miyezi isanu sinakwane mwabwera katatu, ulendo uliwonse nkhani yatsopano. Poyamba nyerere, kenako madzi. Lero ndi chiyani, mphepo?"

"Bwana, mumsewu uno ndayala mabwalo asanu ndi limodzi," anayankha mmisiri. "Pitani mukapondepo. Palibe logwedera."

"Ndiye la mayi anga ndi limene munasankha kuphunzirirapo?"

"Ine sindikudziwa kumene mchenga ukupita. Ndimathira, ndikabwera ndimapeza m'mipata muli mbee ngati sindinafikepo. Nyerere sizingatute mchenga wochuluka choncho, ngakhale zitabwereka wilibala yanga."

"Kapena simuthira."

Mmisiri anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezera. Mawu ake anatsika m'malo mokwera.

"Bwana, zaka makumi awiri ndi zisanu ndikugwada pa njerwa. Anthu andinenapo kuti ndimachedwa, andinenapo kuti ndine wamakani. Koma zoti ndimanamiza ntchito, ndinu oyamba."

Amuna anga anati ajambula zithunzi atumizire anthu onse a mumsewumo, aone mmisiri wawo wotchuka. Mmisiri anati atumize, ndipo aonjezere kuti iye pakhomopo sadzapondaponso. Anatola levulo ndi nyundo n'kuziponya mu wilibala. Ndinaona kuti zathera pomwepo, ndipo mumtima ndinayamba kale kuyeza ngati tebulo lodulira lingakwane pabalaza.

Apa n'pamene amayi anatuluka m'khitchini, dzanja lili pansalu yokoleka m'khosi.

"Bambo, musanapite mutenge katundu wanu. Akunditsekera malo."

Anatitsogolera kuseri kwa kachipinda kosungiramo makasu. Pamenepo, pamwamba pa matabwa kuti asanyowe, panali matumba asanu odzaza, omangidwa kukamwa ndi tizidutswa ta nsalu timene ndinatizindikira kuti anatola kwathu. Mmisiri anamasula limodzi n'kupisamo dzanja. Unali mchenga wake, woyera, wosefedwa, wopanda tsamba ngakhale limodzi.

"Ulendo uliwonse mumauiwala," anatero amayi. "Sindinatayeko ndi pang'ono pomwe. Ndikudziwa kuti mumachita kugula."

Mmisiri anali akuyang'ana mchenga ukutsika pakati pa zala zake.

"Amayi, mumauchotsa bwanji?"

"Ndi tsache. Wokanirira ndi kampeni. Masiku anayi umakhala utatha."

"Ndiye sabata inoyi, ndi dzanja lothyokali?"

"Lamanzere. Limachedwa, koma limafika."

Ndinayembekezera kuti ndiseka, chifukwa inali nkhani yoseketsa, koma kuseka sikunabwere. Amuna anga anabweza foni m'thumba. Mmisiri anabwerera pabwalo, anagwada, anazula njerwa imodzi ndi zala zokha n'kuionetsa amayi.

"Taonani, amayi. Njerwa izi palibe simenti yozigwira. Chimene chimazigwira ndi mchenga wa m'mipatawu. Ukakhalamo, iyi imatsamira iyo, iyo imatsamira inzake, bwalo lonse limakhala chinthu chimodzi. Mukauchotsa iliyonse imayenda payokha. N'chifukwa chake munagwa."

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu.

"Ndiye mukuti bwalo langa likugwiridwa ndi dothi?"

"Mchenga, amayi."

"Bambo, ine ndakalambira m'mipata. Ana ndaphunzitsa ndi m'mipata, nyumba iyi mbali yanga ndamanga ndi m'mipata. Lero mundiuze kuti munthu azithira dala zinthu m'mipata, n'kumati wamaliza ntchito?"

"Matailosi ndi zina, izi ndi zina."

"Ndamva," anatero amayi, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti amva mawu okha.

Amuna anga sanapepese. Amuna akalakwitsana amasintha nkhani, ndiye anafunsa ngati sizingatheke kungomata simenti m'mipatamo nkhani ithe. Mmisiri anakana. Anati simenti idzang'aluka dzuwa likaomba, madzi adzasowa kolowera n'kumathamangira kukhoma la nyumba, ndipo akafuna zimenezo apeze wina, dzina lake lisakhalepo. Anagwirizana kuti azule njerwa zonse zogwedera n'kuziyalanso, komaliza. Kwa miyezi iwiri munthu asakhudze m'mipata, kusesa kukhale kwa pamwamba pokha ndi tsache lofewa. Miyezi iwiriyo ikatha adzabwera kudzaona, ndipo ngati lalimba, amayi akhala m'nyumba yawo. Zonsezi anakambirana awiriwiri, mwini wake ataima pambali ngati wabwera kudzapempha madzi.

Anayalanso Lolemba ndi Lachiwiri, ndi mchenga womwewo wa m'matumba. Lachisanu, akudutsa mumsewumo popita kuntchito ina, anasuzumira pampanda n'kuona ngodya ya kumpopi ili mbee. Anaimbira amuna anga. Amuna anga atafika kunyumba sanakalipe, anangondiuza kuti ndiyambe kuona mmene ndingasamutsire makina.

M'mawa mwake ndinapita ndekha. Ndinawapeza amayi atagwada pa thumba lopinda, chikhakha chili pachifuwa, kampeni kali kumanzere. Anali atafika mzere wachisanu ndi chiwiri. Kamulu ka mchenga kanali pa nyuzipepala pambali pawo. Atandiona sanabise chilichonse.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka, kaya inu ndi ana?"

"Tadzuka. Amayi, mukufuna kukakhala kwathu?"

"Ayi."

"Inenso sindikufuna kuti musiye nyumba yanu," ndinatero. Linali theka la zoona, ndipo theka linalo analimva ngakhale sindinalinene.

"Ndimayesa kuusiya," anatero, akuyang'ana pansi. "Ndimadziuza kuti lero ndingosesa masamba. Koma ndikatuluka ndimauona, mzere uliwonse. Ndimazindikira ndagwada kale."

"Ndiye ndipatseni mpeniwo."

Anaupukuta pachitenje n'kundipatsa, chogwirira chili kwa ine. Ndinatenganso tsache lolimba limene linali litatsamira khoma. Ndinalowa m'kachipinda ka makasu n'kupeza ena awiri atsopano ndi atatu akutha, amene sankataya chifukwa ankati akutha ndiwo amalowa bwino m'makona. Ndinatenga onse. M'bafa ndinatenga mswachi wakale, m'khitchini ndinatenga foloko yopindika imene ndinaikayikira. Ndinawasiyira bulashi yofewa ya m'nyumba. Ndinachita zonsezi mmene ndimadulira nsalu, osaganiza zambiri. Manja anga atadzaza, amayi ananditsogolera n'kunditsegulira geti.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Loweruka lililonse, ndipo chinthu choyamba chinali kuzungulira kuseri n'kuponda njerwa. Loweruka loyamba masamba anali atasesedwa, mchenga uli m'malo mwake. Ndinawayamikira ngati mwana wakhoza mayeso, iwo anati zikomo. Loweruka lachiwiri masamba anali pomwepo. Loweruka lachitatu ndinapeza katani ya windo la khitchini, loyang'ana kuseri, itatsekedwa masana, ndipo chitseko cha kuseri chinali chokhoma, kiyi atamuchotsa. Zovala ankayanika pamipando ya pabalaza. Madzi ankatunga pasinki ndi kapu mpaka ndowa kudzaza, mpopi wa panja uli pomwepo.

Chikhakha anachotsa sabata yachisanu. Dzanja linatuluka lowonda, lotumbuluka, ndipo a dokotala anati aziligwiritsa ntchito. Amayi anafunsa kuti ntchito yanji, a dokotala anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Loweruka lina ndinawapeza akugona dzuwa lili pamutu, wailesi ikulankhula yokha. Patebulo panali kapu ya tiyi wadzulo, ndipo nditainyamula inasiya chizindikiro chozungulira pathabwa. Kumeneko kunali kuona kwanga koyamba chinthu chotere m'nyumba imeneyo. Ndinatsuka kapuyo, ndinapukuta tebulo, n'kukhala kudikira kuti adzuke.

Ndisaname kuti sindinaone. Ndinaona zonse, ndipo ndinkadziwa kuti zayamba liti ndiponso kuti wayambitsa ndani. Koma sindinkamva chisoni kapena manyazi, mumtima munangoti zii. Amuna anga akandifunsa madzulo kuti kuli bwanji, ndinkati njerwa sizikugwedera, ndipo zinali zoona. Iwo ankati, "Basi, ndiye zikuyenda," n'kutsegula wailesi ya kanema. Makina anga anakhalabe m'chipinda chawo, ndipo miyezi imeneyo ndinasoka bwino.

Tsiku loonera bwalo linafika. Mmisiri anabwera atavala malaya ochapa, wilibala anaisiya, ananyamula levulo yokha. Tinazungulira panja chifukwa chitseko cha kuseri chinali chokhomabe. Masamba anali atawunjikana mpaka m'akakolo, ena atawola, ndipo anachita kuwakankha ndi phazi kuti aone njerwa. Anayenda mzere ndi mzere, akudinda ndi chidendene. Anadumpha pafupi ndi chingwe cha zovala, pamene amayi anagwera. Anaika levulo malo anayi. M'mipata munali mchenga wolimba, ndi timaudzu titamera apo ndi apo, timene anati tizizulidwa ndi zala pang'onopang'ono.

"Bwana, ponda nokha," anatero, kenako anadzikonza. "Pondani nokha."

Amuna anga anaponda, anadumphanso, munthu wamkulu ndi mimba yake. Kenako anamugwira chanza n'kunena kuti tsiku lija mawu anangothamanga. Mmisiri anati zimachitika, dzanja lothyoka ndi la mayi, aliyense akhoza kutero. Anaseka onse awiri. Amuna anga anagogoda pawindo la khitchini n'kuitana amayi kuti adzaone bwalo lawo. Katani sinagwedezeke, ndiye tinalowera kukhomo la kumaso, mmisiri ali pambuyo pathu.

Amayi anali atakhala pabalaza atavala zovala zawo za paulendo, nsapato kuphazi, chikwama pamiyendo. Pafupi ndi chitseko panali masutikesi awiri ndi katoni yomanga ndi chingwe. Chithunzi cha malemu chinali chitachoka pakhoma, patangotsala msomali.

"Amayi, izi n'chiyani?" anafunsa amuna anga. "Bwalo lalimba. Simukusamukanso."

"Ndamva kudumpha kwanu. Mwagwira ntchito, bambo," anatero, akuyang'ana mmisiri. "Koma ine ndipita."

"Chifukwa chiyani? Simunagwe."

"Sindinagwe chifukwa sindinapondepo. Iwe mwana wanga, ndimadzuka, ndimamwa tiyi, kenako ndimadikira kuti kude. Zimenezo ndikhoza kuchitira kulikonse. Bola kwanu kumamveka anthu."

Mmisiri anasuntha levulo kuchoka dzanja lina kupita lina.

"Amayi, kusesa sindinaletse. Pamwamba mukhoza kusesa tsiku lililonse, palibe vuto."

"Pamwamba mphepo imasesa yokha, bambo."

Ndinamva mawu anga akunena kuti matsache awo ali kwathu, sindinataye, ndipo mawa lomwelo ndikhoza kuwabweretsa onse, ndi mpeni womwe. Sindikudziwa ngati ndinanena chifukwa cha iwo kapena chifukwa cha makina anga. Mwina zonse.

"Kuti ndigwetse bwalo la anthu?" anatero amayi. Sananene mokwiya. Anaimirira, anayang'ana ngati mawindo atsekedwa, n'kupereka makiyi kwa mwana wawo.

Mmisiri ndi amene ananyamula masutikesi, palibe anamupempha. Atawaika m'galimoto anaima pafupi ndi ine, akuyang'ana amuna anga akukhoma geti.

"Mayi, bwalo lija likhala zaka makumi awiri," anatero motsitsa mawu. Ndinati ndikukhulupirira. Anaima pang'ono ngati pali china chotsala, kenako anatsanzika n'kutsika ndi msewu.

Tsopano miyezi isanu ndi itatu yatha. Makina ali pabalaza, tebulo lodulira lili pakhonde, ndipo makasitomala amayesera zovala m'chipinda cha ana. Zonse zimene ndinkaopa sizinachitike. Mbale zanga palibe amazitsukanso, singano zili pamene ndazisiya, ulusi umakhala pansi masiku awiri amayi n'kumadutsa pomwepo popita kubafa. Amadya zimene wapereka, amathokoza, amafunsa ana za kusukulu. Tsiku loyamba anandifunsa kuti akhale pati pamene sanditsekereza, ndinawaonetsa mpando wa pakona pafupi ndi windo, ndipo ndi pamene amakhala. Amuna anga amati amayi apumula tsopano, zaka zonse zija kugwada, ndipo ine sindiwatsutsa.

Dzulo ndinkakolopa pabalaza, mwa changu changa chija, chosiya makona. Ndisanafike pampando wawo amayi ananyamula mapazi onse awiri, ndinadutsitsa chikolopa pansi pake n'kupitirira. Kenako kasitomala anagogoda pageti. Ndinamuyeza, tinakangana za kolala, tinacheza za mwana wake, ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Nditabwerera, pansi panali patauma kalekale. Amayi anali chikhalire, manja atagwira m'mbali mwa mpando, miyendo ikunjenjemera, mapazi akadali m'mwamba.

"Amayi, tsitsani. Pauma."

"Ndimadikira kuti munene," anatero, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono, limodzi kenako linzake.